A Yobu Magombo ndi Kapitawo wa Waya

Anthu a mumsewu wawo ku Mamelodi ankadziwa kuti a Yobu Magombo amagwira ntchito kwa madokotala m'tauni ya Pretoria, ndipo ankawapatsa ulemu woyenera. Wina mwendo ukatupa ankabwera kudzawaonetsa, wina mwana akamatsokomola ankadzafunsa mankhwala oti agule. A Yobu ankapukusa mutu n'kunena kuti Dokotala wawoyo si wa jekeseni. Akafunsidwa kuti nanga ndi wa chiyani, ankati ndi wa waya. Anthu ankaseka, amvekere Mnyasa uyu ndi womana. Koma a Yobu ankanena zoona zokhazokha.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Sanabwere ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito, ngati anzawo a kumigodi. Anabwera selufu, paokha, m'zaka za m'ma 1960, pena wapansi, pena pamwamba pa lole, atalonjeza amayi awo, a Nachisale, kuti dzinja likadutsa kawiri abwerera. Ntchito yoyamba inali ya m'galadeni kunyumba kwa mzungu amene aliyense ankangomutchula kuti Dokotala. Ali komweko anakumana ndi Emelda kutchalitchi, mkazi wobadwira konkuno, bambo ake a ku Chiradzulu amene anabwera kalekale osabwereranso. Emelda ankalankhula Chichewa chothira Chipedi, ndipo Malawi ankangomumva ngati dziko la m'Baibulo. Anakwatirana, n'kukhala m'nyumba ya makolo a Emelda, n'kubereka ana awiri aakazi, Malita ndi Emmie.

Vuto linali pemiti. Emelda ndi ana anali a konkuno, koma a Yobu anali mlendo, ndipo pemiti ya mlendo inali ndi mano. Inkawalola kukhala ku Joni pokhapokha akugwira ntchito kwa bwana amene dzina lake linalembedwapo. Ntchitoyo ikatha, pemiti yatha. Akawoloka malire, kaya kukaona odwala kaya kukalira maliro, pemiti yatha, ndipo ina sakanapatsidwa. Kalaliki wa ku ofesi ya mapasi, timabuku timene munthu wakuda aliyense ankayenera kuyenda nato, ankawakumbutsa zimenezi chaka ndi chaka podinda, osawayang'ana n'kumaso komwe. Choncho chilichonse chimene a Yobu anali nacho, mkazi, ana, bedi, malo awo pa benchi ya kutchalitchi, chinali chokolekedwa pa ntchito imodzi.

Za waya zinayamba ndi akalulu a ana a Dokotala, amene ankangothawa m'khola logula kusitolo. A Yobu, amene anakula akuluka nkhokwe za nsungwi, anatenga waya wotsala pa mpanda n'kuluka khola lina, lazipinda, lachitseko chotseguka ndi chala chimodzi. Dokotala anaima pambali nthawi yaitali akuyang'ana zala zawo. Chaka cha 1973 chisanathe anali atawachotsa m'galadeni n'kuwalembetsa kuntchito kwake, kunyumba yaikulu ya kafukufuku, ndipo dzina pa pemiti linasinthidwa.

Musaganize kuti anawakweza kumwamba kwa azungu ovala zoyera. Anawatsitsira pansi. Chipinda chawo chinali kunsi kwa nyumba, kumapeto kwa masitepe, chopanda windo ngakhale limodzi. M'katimo munali chimango chachitsulo chotalika kuposa munthu, magalasi ambirimbiri osanjikizana ojambulidwa mizere yozungulirazungulira ngati mitambo, kalilole wamkulu woonekera kuseri, ndi mabokosi a tizidutswa ta waya wa mkuwa tolumikiza ndi timasikuluwu tating'ono ngati nthangala za mapira.

Dokotala anawafotokozera pang'onopang'ono, monga amafotokozera munthu amene wakhala zaka zambiri wopanda womumvetsera. Anati tizilombo toyambitsa matenda, ta mabakiteriya, kalikonse kamadzimangira khoma kuzungulira thupi lake. Kopanda khomalo kamaphulika. Koma kuti kakule, kayenera kugumula khoma lomwelo pang'ono n'kuikapo lina, ndipo kakagumula kwambiri kafa, kakapanda kugumula sikakula. Ndiye m'kati mwa kachilomboko muli tinthu totchedwa mapuloteni, ena omanga, ena ogumula, ndipo pali imodzi yoyang'anira anzake, youza apa mangani, apa imani. A Yobu anati ameneyo ndiye kapitawo, Dokotala n'kuseka, dzinalo n'kukhazikika. Penisilini, anatero Dokotala, amagwira manja omangawo mpaka khoma kung'ambika. Munthu atadziwa maonekedwe enieni a kapitawoyo, pamene wapindika ndi pamene ali ndi mphako, akhoza kupanga mankhwala ena omutsekera pakamwa.

Kapitawoyo sankaoneka ndi maso, ngakhale ndi makina okulitsa zinthu. Chimene chinalipo ndi mizere ya pa magalasi ija, yomwe Dokotala ndi anzake anaipeza pambuyo pa zaka za masamu. Ntchito ya a Yobu inali kumanga thupi lake ndi waya, lokula mamiliyoni kuposa mwini wake. Ankazimitsa magetsi, n'kuyatsa nyali ziwiri zokha, ina kuseri kwa magalasi, ina pa waya. Ukayang'ana m'kalilole, wayayo ankaoneka ngati ali m'kati mwa mitambo ija. Dokotala ankakhala pampando n'kumati pinda pang'ono, tembenuza, bwerera, ndipo a Yobu, mutu ndi mapewa zili m'kati mwa chimango, ankapinda, n'kumanga sikuluwu. Tsiku labwino ankalumikiza tizidutswa tochepa chabe. Potuluka madzulo maso ankawawa ndi kuwala kwa panja, ndipo m'sitima yopita kulokeshoni zala zawo zinkanunkha mkuwa.

Tsiku lina akumwa tiyi pa masitepe anafunsa kuti kodi ntchitoyi idzatha liti. Dokotala anati mwina zaka ziwiri, mwina zitatu. A Yobu anafunsa kuti nanga ikadzatha. Dokotala anatambasula manja mokondwa n'kunena kuti basi, adzakhala atamaliza. Sanaganize n'komwe za pemiti. Anali munthu wabwino mtima, koma wa mtundu uja woiwala kuti anzake amadya chiyani. A Yobu tiyi uja anawazizirira m'manja.

Kuyambira pamenepo anaphunzitsa zala zawo ulesi. Sichinali chinthu chapafupi, chifukwa zala zimenezo zinabadwa zachangu. Sikuluwu yomanga kamodzi ankaimanga n'kuimasula kuti aione bwino. Kachidutswa kakagwa pansi ankakasaka mofatsa, pansi pa tebulo, kuseri kwa mabokosi, ngakhale akukaona pomwe kagona. Dokotala ankawatamanda kwa alendo kuti sanaonepo mmisiri wosamala chotere. Amene akufuna kuwaweruza awaweruze, koma ayambe wagonapo m'nyumba imene kupuma kwa ana ake kukumveka kuseri kwa katani, akudziwa kuti chidindo chimodzi chikhoza kumuchotsamo.

Ngakhale ulesi uli ndi malire. Pofika 1977 kapitawo anali atakula, mizere ya mkuwa yopotana ngati zingwe itadzaza chimango, ndipo Dokotala anali atayamba kuimba mluzu potsika masitepe. A Yobu akamva mluzuwo ankadziwa kuti ntchito yatsala pang'ono kutha. Kenaka kunabwera mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, katswiri wa zomwezi, wadazi ndi waulemu. Anazungulira chimango kamodzi, n'kuima, n'kuzunguliranso. Analankhula motsitsa mawu, akuloza zopotana zija ndi pensulo. Zonse zinkapotera kumanzere, pamene m'chilengedwe zimapotera kumanja. Magalasi aja anasanjidwa kuyambira kumapeto, loyamba kukhala lomaliza, ndipo amene anawasanja anali Dokotala mwini, a Yobu asanabwere n'komwe. Chimene anamanga zaka zonsezo chinali chithunzi chotembenuka, ngati nsapato ya kumanzere yosokedwera phazi la kumanja. Panalibe chokonza. Kunali kumasula zonse n'kuyambiranso.

Mlendo atapita, Dokotala anakhala pa sitepe yomaliza atagwira mutu. A Yobu anamumvera chisoni chenicheni, mpaka anamupangira tiyi wothira shuga wambiri. Koma poweruka anadzera kumsika wa ku Marabastad n'kugula nkhuku yamoyo, yonenepa, n'kukwera nayo basi ili m'khwapa. Emelda atafunsa kuti kwagwanji pakati pa sabata, anamuuza kuti ntchito yonse ya zaka zinayi yawonongeka. Emelda anawayang'ana, n'kuyang'ana nkhuku, n'kunena kuti mkuwa uja wayamba kuwalowa m'mutu. Anamvetsa pambuyo pake, akusosola nthenga, ndipo sanasekenso.

Kamodzi kokha m'pamene a Yobu anadana ndi ulesi wawo. M'nyengo yozizira ya chaka chotsatira Emmie anadwala chibayo. Kuchipatala anamubaya penisilini monga mwa nthawi zonse, koma thupi silinazizire, ndipo namwino anati kwabwera mtundu wina wa tizilombo wosamva mankhwalawo. A Yobu anafika kuntchito maso ali gwa, n'kufunsa Dokotala ngati kapitawo wawoyu akukhudzana ndi zimenezi. Dokotala anati inde, n'zapachibale, tizilomboto tasintha manja a omanga khoma moti penisilini sakuwagwiranso. Anawonjezera kuti kuchoka pa waya kukafika pa botolo la mankhwala ndi ulendo wautali kwambiri, koma mawu amenewo a Yobu sanawamve. Masabata amenewo anagwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa, osapuma masana, Dokotala mpaka kudabwa kuti changu chotere chinali kuti. Emmie anachira ndi mankhwala ena. Atangoyamba kusewera panja, zala za bambo ake zinabwerera ku ulesi wake, ndipo iwo anachita nazo manyazi.

Nthawi yonseyi a Nachisale anali kudikira ku Ntcheu. Uthenga unkabwera ndi anthu a pa msewu, makamaka a Alfred, dalaivala wa malole a katundu amene ankadutsa ku Ntcheu ndipo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Yobu akakhala ku Pretoria. Mlongo wa a Yobu, Esnat, ankatumiza mawu kuti amayi maso ayamba kuchita khungu, kenaka kuti asiya kupita kumunda, kenaka kuti akamva lole pamsewu amafunsa ngati waima. A Yobu ankatumiza bulangete, shuga, nsalu, ndi yankho limodzimodzi: ndibwera ndikamaliza ntchito ndili nayoyi. Ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita. Mayi wokalamba ankapempherera kuti ntchitoyo ithe msanga, mwana wake ali pansi pa nyumba ya azungu kuikoka kuti isathe. Zimenezi zinkawapweteka kwambiri, ndipo sanauzepo munthu.

Chimene chinathetsa ntchitoyo sichinali changu kapena ulesi. M'zaka za m'ma 1980 kumwamba kunabwera kompyuta. A Yobu anaitanidwa kukathandiza kunyamula mabokosi ake, ndipo patapita miyezi anaona achinyamata ovala zoyera akuyang'ana pa galasi lake. Kapitawo yemwe uja anali pamenepo, wa mizere yobiriwira, akutembenuka yekha munthu akangopotoza kachitsulo. Chimene a Yobu ankachipinda sabata yathunthu, iwo ankachisuntha akutafuna sangweji. Dokotala anayamba kutsika masitepe kamodzi pa sabata, kenaka kamodzi pa mwezi. Chimango chinatha kumangidwa popanda mluzu, popanda mlendo.

Mu 1986 mapasi anathetsedwa. Mumsewu wawo anthu anavina, ena anawotcha timabuku tawo pa mbaula. A Yobu anavala jekete n'kupita ku ofesi kukafunsa, ndipo kalaliki, wina watsopano koma wa nkhope yomweyo, anati zimenezo n'za eni dziko. Mlendo ndi mlendo.

Chaka chomwecho akuluakulu a nyumba ya kafukufuku anafuna chipinda chapansicho kuti aikemo mafiriji. Apa m'pamene panaoneka chinthu chimene palibe anachiganizira. Kapitawo anamangidwira m'katimo kachidutswa ndi kachidutswa, chimango chikuwonjezeredwa uku ndi uku, ndipo tsopano anali wamkulu kuposa chitseko. Kumutulutsa kunali kumudula ndi sowo. Dokotala, tsitsi litayera, anakana. Anakangana nawo m'maofesi mpaka anagwirizana kuti chimangocho chikhale, ati n'chophunzitsira, ndipo a Yobu akhale wochisamalira. Powauza nkhaniyi anawachenjeza kuti akuluakuluwo akungofuna chifukwa. Chipindacho chikangopezeka chokhoma masiku angapo, sowo ilowa, ndipo ntchito ya wosamalira ithera pomwepo.

A Yobu anathokoza ndi manja awiri. Anapeza chimene ankachifuna zaka zonse, ntchito yosatha. M'mawa uliwonse ankatenga kiyi, n'kutsika, n'kupukuta fumbi pa waya ndi kaburashi kometera ndevu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akamaliza ankakhala pampando uja wa Dokotala. Ophunzira sankabwera. Kumwamba kunkamveka mapazi a anthu ndi madzi oyenda m'mapaipi. Nthawi zina ankamasula sikuluwu imodzi n'kuimanganso, kuti zala zisaiwale.

Lamulungu lina chakumapeto kwa 1987, a Alfred anawakokera pambali atatuluka m'tchalitchi. Anati achimwene, ulendo uno si za bulangete. A Nachisale anali atasiya kudya, ndipo Esnat anati akangotsegula pakamwa ndi dzina la Yobu. Lole inali kubwerera sabata yomweyo, ndipo pampando wa kutsogolo panali malo.

A Yobu atafika kunyumba anamupeza Emelda akusita zovala za kusukulu za Emmie. Malita anali ndi pakati poyamba, ali chigonere m'chipinda chifukwa cha kutentha. A Yobu anafotokoza zonse ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Pitani, abambo a Malita," anatero Emelda. "Ine sindikuletsani. Ndi amayi anu."

"Ndikapita sindibwerera."

"Ndikudziwa."

Emelda sanakweze mutu. Anapitiriza kusita kolala imodzimodziyo mpaka inayamba kununkha kupserera. A Yobu anafuna kuti mkaziyo awakanize, alire, awatukwane, kuti mlandu ukhale wa wina. Emelda sanawapatse mwayi umenewo.

Tsiku la ulendo anapempha kuchoka masana n'kupita ku Marabastad kumene lole inkapakira. Ananyamula katundu womanga bwino ndi chingwe, muli shuga, tiyi, sopo, ndi duku yatsopano. Anavalanso nsapato zawo za kutchalitchi, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati pochoka kunyumba anali atatsimikiza zokwera kapena zotsala. A Alfred analandira katunduyo, n'kumuika kuseri kwa mpando, n'kusiya chitseko chotsegula. Injini inalira. A Yobu anagwira chitsekocho kanthawi, kenaka anachitseka ali panja. Anati akawauze amayi kuti ntchito yatsala pang'ono. A Alfred anangoyang'ana kutsogolo n'kuchotsa lole.

Atabweranso a Alfred, patapita masabata, anafika kunyumba m'malo modikira kutchalitchi, ndipo a Yobu atangowaona pageti anadziwa. A Nachisale anamwalira lole itadutsa kale. Uthenga uja anaumva. Duku ija anawaveka poika maliro.

Kwawo ku Ntcheu, maliro akaikidwa, abale amasonkhana n'kumetana tsitsi, onse pamodzi, akuluakulu akuyang'anira, kuti imfa ichoke pakhomo. Esnat ndi ena onse anali atameta kale. Ku Mamelodi kunalibe mbale wa a Yobu ngakhale mmodzi. Loweruka m'mawa anatulutsa mpando kuseri kwa nyumba pafupi ndi mpopi, n'kupatsa Emelda lezala ndi sopo wochapira. Emelda, mwana wa lokeshoni, anali asanametepo munthu. Anayamba mwamantha, kuwacheka pang'ono kuseri kwa khutu, n'kupepesa. A Yobu sanamve n'kuwawa komwe. Analira mopanda phokoso, misozi ikusakanikirana ndi thovu, Emmie akuyang'ana pawindo osadziwa choti achite.

Atamaliza, Emelda anasesa tsitsi lija, lakuda ndi loyera, n'kuliwola m'manja. Pabwalo ponse panali simenti.

"Nanga ili timalitani kwanu? Timalikwirira kapena timalitentha?"

A Yobu anayang'ana tsitsilo. Anachoka kwawo ali mnyamata, pa maliro ankangokhala pansi n'kumetedwa, zotsalazo ankachita ndi akuluakulu.

"Sindikudziwa," anatero. "Amene ndikanawafunsa ndi omwe apitawa."

Lolemba anakwera sitima ya m'mawa monga mwa masiku onse. Pakhonde la nyumba ya kafukufuku anakumana ndi Dokotala, atanyamula mapepala, akuthamangira kumwamba. A Yobu anavula chipewa. Dokotala anaima, n'kuyang'ana mutu wawo, n'kumwetulira.

"Wameta bwino, Yobu. Chaka chino kukutentha zedi."

"Inde, bwana," anatero a Yobu. "Kukutentha."

Anatenga kiyi pa msomali n'kutsika masitepe.